Mphunzitsi wa aphunzitsi nayenso amatopa

Lachiwiri la sabata yatha kusukulu kwathu kuno ku Thuchila kunabwera mlendo. Teremu ino tili ndi achinyamata atatu ochokera kukoleji ina ya zauphunzitsi amene akuyeserera ntchito pasukulu pathu, ndiye bambo amenewa anabwera kudzawaona momwe akuphunzitsira. Galimoto ya kukoleji inawatsitsa pamsewu wa tala chifukwa kanjira kolowera kwathu kanali matope okhaokha, motero anafika pa kabaza, buluku atapinda mpaka m'mawondo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Nditawayang'anitsitsa ndinawazindikira. Anali aphunzitsi anga amene anandisula pamene ndinkachita dipuloma zaka zoposa 10 zapitazo. Dzina lawo sinditchula, la koleji yawonso ayi, chifukwa nkhani imene ndikufuna tikambirane lero si ya munthu mmodzi.

Bambowa ndi amene anatiphunzitsa za kaganizidwe ndi kakulidwe ka mwana, phunziro lija timati saikoloje. Masiku amenewo ankalowa m'kalasi malaya ali osita bwino, nsapato zikuwala, ndipo ankatha kuphunzitsa maola awiri osayang'ana papepala. Ambiri a ife tinkalakalaka titadzafanana nawo. Choncho ahedi atandipempha kuti ndiwaperekeze ku Fomu 2, ndinapita mokondwa. Tinakhala padesiki yakumbuyo. Mnyamata woyeserera uja anali atakonzekera usiku wonse, tchati atajambula, mafunso atalemba. Koma pasanathe mphindi 15 ndinaona cholembera cha aphunzitsi anga chitaima pakati pa mzere, mutu utagwera pachifuwa. Anali atagona. Ana awiri anatembenuka n'kuyamba kutsinana. Ndinawagunda pang'ono ndi chigongono, iwo n'kudzidzimuka, n'kupitiriza kulemba ngati palibe chachitika.

Nthawi yopuma itakwana tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tikumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Anayamba okha. "Aphunzitsi, mwandiona ndikuwodzera muja eti?" Ndinati, "Ayi bambo, ulendo ndi wautali, ndi matopenso amenewa." Anaseka pang'ono n'kutsegula chikwama. Munali mtolo wa mapepala a mayeso oti achonge pofika Lachisanu, mafomu a ophunzira ena oti akawayendere m'masukulu a ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndi kabotolo ka mankhwala a BP. Anandiuza kuti sukulu yathu inali yachisanu kuyambira dzulo lake, kuti amagona 1 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko, kuti holide yomaliza imene anapumadi sakuikumbukira chifukwa ophunzira wamba akatsekera, amabwera ophunzira apatali. Pamwamba pa izi akuchita maphunziro awo a digiri ina kuti mwina adzakwezedwe, ana awiri akuwalipirira fizi, ndipo kumudzi kukagwa maliro foni yoyamba imalira ndi yawo. Pomaliza anati, "Tinakuphunzitsani zambiri za maganizo a mwana. Za maganizo a mphunzitsi sitinakuuzeni, chifukwa ifenso palibe anatiuza."

Mawu amenewa ndi amene andipangitsa kulemba lero. Ndikudziwa kuti ena mwa inu owerenga mukuti, mphunzitsi wa pakoleji angadandaule chiyani, munthu wolandira mwezi ndi mwezi, wogwira ntchito pamthunzi? Mayi wothyola tiyi kuesiteti ku Mulanje kuno amayamba ntchito mame asanakamuke, dengu lili kumsana. Wakabaza amapalasa tsiku lonse kuti apeze ya ufa. Mlimi wa nandolo amadikira chaka chathunthu kenako wogula n'kumuuza mtengo womvetsa chisoni. Onsewa ali ndi mavuto aakulu ndipo sindikupikisana nawo. Koma onsewa ali ndi ana kusukulu. Mphunzitsi mmodzi wa pakoleji amasula aphunzitsi mazanamazana pa moyo wake, ndipo aliyense wa iwowo amakaima pamaso pa ana ambirimbiri chaka chilichonse. Iyeyo akatopa mpaka kugona pamene akuyenera kuona zolakwa za mnyamata woyeserera, mnyamatayo amapita kuntchito ndi zolakwa zakezo, ndipo amene amadzalipira ndi mwana wanu. Mtsinje ukadetsedwa kumtunda kuphiri, amamwa matope ndi a kumunsi.

Ndisanapitirire kunena za ena, ndiulule zanga. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwera kuno kummwera. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ndipo Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mtsinje wa Thuchila unasefukira, minda inakokoloka, sukulu zinatsekedwa ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Titatsegulira, mayeso a MSCE anali pakhomo ndipo silabasi inali isanathe. Ndinkaphunzitsa m'mawa, masana ndi Loweruka. Kunyumba khoma la khitchini linali litagwa, mayi anga kumudzi analibe chakudya, ndipo malipiro anga ankafika atadulidwa kale ndi ngongole ziwiri. Yachitatu inali ya katapila.

Tsiku lina mtsikana wa Fomu 4 anafika mochedwa, kachitatu sabata imeneyo, alibe kope. Ndinamuzazira pamaso pa anzake onse. Ndinamunena kuti ndi waulesi, kuti akungotitayitsa nthawi, kuti ngati akufuna banja angopita. Ndinamutulutsa. Sanayankhe kanthu, anangotuluka atazyolika. Masana ake madamu ena amene timagwira nawo ntchito anandiitanira pambali n'kundiuza kuti nyumba ya kwawo kwa mtsikanayo inagwa, makope ake onse anapita ndi madzi, ndipo m'mawa uliwonse amayamba wakatunga madzi ndi kuphikira azing'ono ake kumsasa asanabwere kusukulu. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti msasawo ndinkaudziwa. Ndinali m'gulu la amene ananyamula madesiki kuti anthu apeze pogona. Mphunzitsi amene ndinali zaka zisanu m'mbuyomo akanayamba wafunsa. Tsiku limenelo ndinalibe mphamvu zofunsira.

Patapita masabata awiri mutu unandikanika, ndipo ndinapita kuchipatala chaching'ono ndikuganiza kuti ndi malungo. Malungo sanapezeke. Adokotala atandiyeza BP anandiyang'ana n'kufunsa zaka zanga, kenako anati, "Aphunzitsi, mumagona bwino? Mukuganiza chiyani kwambiri?" Aka kanali koyamba munthu kundifunsa funso limeneli chiyambire ntchito. Anandifotokozera kuti thupi la munthu likaona choopsa limatulutsa timadzi tina totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, shuga amachuluka m'magazi, minofu imakungika kuti munthu athawe kapena amenyane. Izi n'zothandiza ukakumana ndi njoka kumunda, chifukwa njokayo ikapita thupi limabwerera m'chimake. Koma ngati choopsacho ndi ngongole, mulu wa makope kapena bwana wosamva, sichichoka. Thupi limangokhala chire usana ndi usiku, mwezi ndi mwezi. Mapeto ake ndi kusowa tulo, litsipa, kupweteka kwa m'mimba ndi msana, kuiwalaiwala, kupsa mtima ndi zazing'ono, ndipo kwa ena kuthamanga kwa magazi.

Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti vutoli lili ndi dzina. Katswiri wina wa zamaganizo wa ku New York, Herbert Freudenberger, analemba za ilo m'chaka cha 1974 ataona anthu ongodzipereka pachipatala china chaulere, amene anayamba ntchito ndi mtima wonse, akusanduka otopa ndi okwiya. Analitcha burnout, ngati nyali imene yayaka mpaka mafuta kutheratu. M'chaka cha 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti ili ndi vuto lochokera kuntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu. Choyamba ndi kutopa kosatha ngakhale wagona. Chachiwiri ndi kuyamba kuida ntchito kapena kusalabadira anthu amene ukuwatumikira. Chachitatu ndi kuona kuti zimene ukuchita sizikuphula kanthu. Nditawerenga chachiwiricho ndinakumbukira nkhope ya mtsikana uja. Anthu amene ntchito yawo ndi kusamala anzawo, monga anamwino, aphunzitsi, apolisi ndi abusa, ndi amene kawirikawiri amagwidwa, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi aja olimbikira kwambiri.

Katswiri winanso, Robert Karasek, m'chaka cha 1979 anafotokoza chinthu chimene mphunzitsi aliyense angachimve msanga. Anati ntchito yambiri payokha si imene imadwalitsa kwambiri. Chimene chimapha ndi ntchito yambiri pamene wogwirayo alibe chonena pa kagwiridwe kake. Ena anadzawonjezera chachitatu, kuti zimafika poipa munthuyo akakhala yekha, wopanda mnzake womuthandiza. Ndiye pali miyendo itatu ngati mafuwa: kukula kwa katundu, mphamvu zosankha momwe ungasenzere, ndi anzako okutula. Tiyeni tiione itatuyi m'sukulu ndi m'makoleji athu.

Katundu ndi wamkulu, ndipo mbiri yake tikuidziwa. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ine ndine mmodzi mwa ana amene anapindula. Koma kuyambira pamenepo dziko lakhala likuthamangitsa chiwerengero cha ana osachipeza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sukulu zoyendera za CDSS ngati imene ndikuphunzitsayi, ndipo ambiri mwa amene ankaphunzitsamo anali aphunzitsi a pulayimale. Kuti vutoli lichepe, makoleji anayenera kutulutsa aphunzitsi ambiri. Ku Domasi ku Zomba ndi ku Nalikule ku Lilongwe amasula a sekondale, pamene ma TTC monga a Blantyre, Machinga, Chiradzulu ndi Phalombe amasula a pulayimale. Kunabweranso maphunziro apatali kuti mphunzitsi aziwonjezera sukulu ali pantchito. Zonsezi n'zofunika, koma kumapeto kwa ndondomeko iliyonse kuli munthu wa cholembera chofiira amene ayenera kuphunzitsa, kuchonga ndi kuyenda m'masukulu.

Onjezerani zaka zimene tadutsamozi. Pa 23 Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo zinakhala miyezi yoposa isanu. Mu Novembala chaka chomwecho mayeso a MSCE anathetsedwa pakatikati atapezeka kuti anabedwa, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Chaka chimenecho bungwe la aphunzitsi la TUM linatsogolera sitalaka yofuna alawansi ya chiopsezo. Mu 2022 kunabwera anamondwe a Ana ndi Gombe, kwacha n'kuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi. Mu 2023 kunali Freddy, ndipo mu Novembala kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu 2024 kunali ng'amba. Chaka chilichonse kalendala imasokonekera, mitengo imakwera, ndipo mphunzitsi amauzidwa kuti abweze nthawi yotayika. Palibe chaka chimene anauzidwa kuti apumeko kaye.

Mwendo wachiwiri, wa mphamvu zosankha, ndi wofooka. Tsiku la mayeso, silabasi, chiwerengero cha ophunzira, tsiku lolandira malipiro, kusamutsidwa, kukwezedwa, zonsezi zimachokera kumwamba. Wachitatu, wa anzako okutula, tinauthyola tokha. Pamudzi mphunzitsi amaonedwa ngati munthu wodziwa zonse, ndiye angakauze ndani kuti zamukulira? Pakoleji n'zoposa, chifukwa amene amaphunzitsa saikoloje sangafune kuti anzake amve kuti iye mwini sakugona. Ife amuna tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri amakhala amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Mu sitafu timaseka za mpira ndi ndale, koma za kapepala ka malipiro kamene katsala ndi ndalama yosakwana thumba la chimanga aliyense amabisa m'thumba la jekete.

Katundu sitingamuchepetse tokha. Koma miyendo iwiri inayo tingaikonzeko, ndipo ndikuuzani zimene tinayesa pasukulu pathu kuchokera chaka cha Freddy. Si zozizwitsa ayi, ndipo zina zinatikanika poyamba.

Tinayamba ndi makope. Kale ndinkanyamula mulu kupita nawo kunyumba tsiku lililonse, n'kumachonga ndi tochi ya pafoni mpaka maso kuwawa, ndipo theka la muluwo linkabwerera osachongedwa. Tsopano makope sadutsa pageti. Ndinapatula mapiriyodi amene ndilibe kalasi kukhala ochongera basi, foni ili m'thumba. Ntchito ya mayankho aafupi ana amasinthana makope n'kuchongerana ine ndikutsogolera pabolodi, ndipo ndaona kuti amaphunzira zambiri akaona cholakwa cha mnzawo. Ine ndimasunga mphamvu zanga pa zimangirizo ndi mayeso enieni. Tinagwirizananso kuti tisamapereke mayeso tonse sabata imodzi. Ndandanda wa maphunziro tsopano timapanga limodzi teremu isanayambe, aliyense akunena chimene chikumulemera, m'malo moupeza utapachikidwa kale pakhoma. Ahedi athu poyamba ankaona ngati tikuwalanda udindo, koma anadzaona kuti madandaulo achepa.

Chachiwiri chinali ngongole, ndipo ichi ndi chimene chinandivuta kuposa zonse. Madzulo ena ndinatenga pepala n'kulemba ngongole zanga zonse, mwini wake, chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza. Kenako ndinawaonetsa mayi a kunyumba. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo a mwana, ndiye mumafuna mufe nazo nokha zimenezi?" Usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato koyamba m'miyezi yambiri, ngakhale kuti ngongolezo zinali zisanachepe ndi tambala yomwe. Tinayamba ndi ya katapila chifukwa ndi imene imabereka msanga. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, tinasiya zina zimene tinkagula pofuna kuoneka, ndipo tinalumbira kuti sitidzatenganso ngongole yobwezera ngongole ina. Pasukulu tinayambitsa chipereganyu cha aphunzitsi, ndipo ena analowa mu SACCO kuti akafuna kubwereka azibwereka pamalo a malamulo odziwika. Mphunzitsi amene akudziwa kuti wakatapila akumudikira pageti sangaphunzitse, ngakhale atakhala ndi digiri zingati.

Chachitatu ndi tiyi wa Lachisanu. Ana akaweruka timakhala mphindi 30 pansi pa mango uja, aliyense atasonkha kangachepe ka shuga ndi mandasi. Lamulo ndi limodzi: si msonkhano, palibe wolemba mfundo, ndipo zonenedwa pamenepo zimathera pomwepo. Masabata oyamba tinkangokamba za mpira. Tsiku lina mnzathu wina anangoti, "Anzanga, ine kunyumba sikuli bwino," ndipo kuyambira pamenepo khomo linatseguka. Ku Zimbabwe dokotala wa zamaganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench cha m'ma 2006 mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi panja pa chipatala, n'kumawathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza njira yolithetsera. Kumeneko vutoli amalitcha kufungisisa, chimodzimodzi ndi kwathu kuno tikamati munthu akuganiza kwambiri. Kafukufuku anaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Ngati agogo pabenchi angathe, aphunzitsi a pakoleji okhala ndi mabuku onse aja angalephere bwanji kupatula theka la ola pasabata kuti amverane?

Chachinayi ndi kuphunzira kukana. Mphunzitsi wa kumudzi amakhala mlembi wa komiti ya kutchalitchi, msungichuma wa banki m'khonde, wolemba makalata a mfumu, woyendetsa mwambo paukwati ndi pamaliro. Wa pakoleji naye amakhala m'makomiti osawerengeka. Ine ndinali ndi maudindo asanu ndi limodzi kunja kwa sukulu. Ndinatula anayi. Ena anandinena kuti ndayamba kunyada, koma patapita mwezi anapeza anthu ena amene akugwira bwino lomwe, mwinanso kuposa ine. Chimodzimodzi makalasi a masana aja a open amene timaphunzitsa kuti tipezeko ya sopo. Ndalama yake ndi yothandiza, koma ndinachepetsa masiku nditaona kuti imene ndinkapeza inkathera ku mankhwala a mutu.

Chachisanu ndi thupi lenilenilo. Kugona maola asanu ndi awiri si ulesi. Kuyenda wapansi kapena kupalasa njinga, kulima kadimba, kusewera bawo ndi anzako, kuimba kwaya, kupemphera, zonsezi zimauza thupi kuti njoka ija yapita. Koma pali mankhwala ena abodza amene aphunzitsi ambiri tawayesa. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'tosapumitsa, ndipo m'mawa vuto limakhala lili pomwepo, ndalama itachepa. Kubetcha mpira pafoni nakonso kwalowa m'masitafu mwathu, munthu akuyembekezera kuti tikiti imodzi idzamuchotsera ngongole zonse. Ndaonapo anzanga abwino, aluso pa masamu, akulephera kuwerengera kuti amene amapambana nthawi zonse ndi mwini juga.

Pali malire amene tiyi wa Lachisanu sangathandize. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa munthu ali wokhumudwa tsiku lililonse, sakusangalala ndi chilichonse, sakudya, sakugona, kapena wayamba kuganiza kuti bola kufa, ameneyo akufunika chipatala msanga, ndipo mnzake amene wazindikira amuperekeze. Yambani ndi chipatala chimene muli nacho pafupi kapena cha boma ku Mulanje, ndipo mukafotokoze zonse, osangoti mutu. Kukafunika thandizo loposa apo, kuli chipatala cha Zomba Mental ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti wapenga, monganso kupita kukayezetsa maso sikutanthauza kuti ndiwe wakhungu. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti watopa ndi moyo, musamuseke kapena kumuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Khalani naye, mufunseni mosabisa, ndipo musamusiye yekha.

Tsono ndisanamize anthu kuti zonse zili m'manja mwa mphunzitsi. Kuuza munthu wosenza matumba atatu kuti azipuma mokoka mpweya pamene ukumusenzetsa lachinayi ndi chipongwe. Akuluakulu a m'makoleji angathe kuwerengera maola ochonga ndi oyendera ophunzira ngati ntchito yeniyeni pogawa maphunziro, kukonza maulendo oyendera masukulu kuti munthu asathamange masukulu asanu masiku awiri, ndi kuonetsetsa kuti aliyense wapuma masabata angapo pachaka. Angathenso kuika m'maphunziro a uphunzitsi maola ochepa okamba za kasamalidwe ka ndalama ndi ka maganizo, kuti mnyamata asadzaphunzire za katapila ali kale m'kamwa mwake. Unduna wa Zamaphunziro uli ndi mbali yaikulu: kulemba ntchito aphunzitsi okwanira m'sukulu ndi m'makoleji, kulipira pa nthawi yake, ndi kukweza anthu motsata ndondomeko yodziwika. Bungwe la TUM nalo, pamene likumenyera malipiro, likambeponso za umoyo wa maganizo wa mamembala ake. Inu makolo, mukaona mphunzitsi amene kale anali wansangala wayamba ukali kapena kujomba, dandaulani ndithu chifukwa mwana ndi wanu, koma wina m'komiti afunsenso kuti chamuchitikira n'chiyani.

Mtsikana uja ndinamupepesa. Ndinamuitana pamaso pa kalasi lomwe lija, chifukwa ndi pamene ndinamunyozera, ndipo aphunzitsi tinasonkha n'kumugulira makope. Analemba mayeso ake. Tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu, koma ndimadziwa kuti mawu aja sanawaiwale, ndipo inenso sindiyenera kuwaiwala.

Aphunzitsi anga aja ndinawaimbira foni Lamulungu madzulo. Anati mapepala aja anamaliza Loweruka, ndipo atachoka kutchalitchi anazimitsa foni n'kugona masana onse, chinthu chimene sanachite chaka chino. Anandipemphanso kuti ndimuuze mnyamata wa ku Fomu 2 uja kuti adzamuonanso kachiwiri, chifukwa ulendo woyamba sanamuchitire chilungamo. Akubweranso mwezi wamawa, ndipo ndawapempha kuti adzasankhe Lachisanu kuti adzamwe nafe tiyi. Ati adzabwera ndi shuga.

Inu aphunzitsi anzanga a m'makoleji, a sekondale ndi a pulayimale, komanso anamwino ndi ena onse amene ntchito yanu ndi kusamala anthu, tilembereni kudzera kwa mkonzi mutiuze momwe mukuchitira kwanuko. Dzina lanu mukhoza kubisa. Tikumanenso sabata yamawa patsamba lomwe lino.